Telala Amene Anayeza Ulendo ndi Tepi

Mwambi mwandifunsawu, ana inu, unayamba motere, ndipo amene anaupalamula ndi telala.

Pa boma la Kasungu panali telala wina, dzina lake a Thondoya. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya nsalu, moyang'anana ndi msika. Kusoka ankadziwa, pamenepo tisawanamizire. Koma chimene ankanyada nacho kwambiri chinali kudula. Munthu akabwera ndi nsalu yoti amusokere malaya, a Thondoya ankaitembenuza uku ndi uku, n'kuilembalemba ndi choko, mpaka m'nsalu yomweyo mutuluke malaya ndi kabudula. Zoti malayawo ankathina m'khwapa ndipo kabudulayo sankalola mwini wake kuwerama, iwo analibe nazo ntchito. "Nsalu imodzi, zovala ziwiri," ankatero, tepi ili m'khosi.

Akazi awo, a Nasibeko, anali munthu wosachulutsa gaga m'diwa. Chilowereni m'banja anapempha chinthu chimodzi chokha, kukaona chilumba cha Likoma. Mayi awo anabadwira kumeneko, nabatizidwa m'tchalitchi chachikulu chamiyala chija, ndipo mpaka tsiku lomwalira ankasimba za milambe ya kumeneko ndi za chilumba china choyandikana nacho, chotchedwa Chizumulu. A Nasibeko ankangofuna kukaponda kwawo kwa mayi awo, basi. A Thondoya analonjeza ulendowu akadali pachibwenzi. Mwana wawo Sungeni anabadwa, nakula, nakwatiwa, ulendo ukadali wa chaka chamawa.

Chaka china, zovala za Khirisimasi zitatha kusokedwa, a Thondoya anafunditsa makina awo chiguduli n'kunena kuti atseka sabata imodzi.

"Mayi a Sungeni, konzekani. Ulendo uno ku Likoma mukafikako."

Misozi inalengeza m'maso mwa a Nasibeko. Anapita kukachapa chitenje chawo cha kutchalitchi, nakazinga mtedza wa kamba wa panjira.

Zikanathera pamenepo, bwenzi mwambiwu kulibe. Koma pakhonde lomwelo pankakhalanso wometa tsitsi, a Magombo, amene paunyamata wawo anaperekezapo alendo ku Nyika, kumalo osungirako nyama zakutchire kumapiri akumpoto uko. Atamva za ulendowo anaseka mpaka kuika lumo pansi.

"Ku Likoma? Mukaonako chiyani, madzi? Madzi ngakhale pamjigo alipo, akulu. Mwamuna amakafika ku Nyika. Kumeneko mbidzi zimadya msipu poyera ngati mbuzi zapamudzi. Telala amene sanaone mbidzi asamanene kuti amadziwa nsalu ya mizeremizere."

Mawuwa anawalowa a Thondoya mpaka m'mafupa. Pakhoma la sitolo ija panali kalendala yokhala ndi mapu a dziko lino. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuyeza. Kuchokera ku Mzuzu kutsetsereka ku Nkhata Bay, kumene anthu amakwerera sitima ya kuzilumba, sipanakwane ndi kolala yomwe. Kuchokera ku Mzuzu kukwera ku Nyika panangotalika ngati thumba la malaya. Anachonga ndi choko, napinda tepi, mtima uli m'malo.

"Zikukwana," anatero atafika kunyumba. "Sabata ili ngati nsalu, mayi a Sungeni, imafuna wodziwa kudula. Tiyamba takwera ku Nyika tikaone mbidzi, kenako titsike tikapeze sitima. Mapiri ndi zilumba zonse ziwiri, m'sabata imodzi."

"Bambo a Sungeni, sitimayo ndinamva kuti imapita kuzilumbako kamodzi pa sabata. Nanga ikatisiya?"

"Ndayeza."

"Mwafunsako anthu amene amayenda msewu wa kumapiriwo nthawi ya dzinja ino?"

"Ndifunse chiyani pamene ndayeza? Tepi siinama."

Tepi siinamadi, ana inu. Kungoti pakalendala sipakhala chitunda, sipakhala matope, ndipo sipakhala dalaivala amene amaimika galimoto kuti akalonjere apongozi ake.

Ananyamuka. A Thondoya anavala suti yatsopano yosoka okha, jekete ndi buluku zotuluka m'nsalu imene mwini sitolo anati ingokwana jekete. Mpaka ku Mzuzu zinthu zinayenda bwino. Padepoti anapeza basi ya ku Nkhata Bay ikuitanira anthu, ndipo a Nasibeko anaima, dengu lili pamutu, n'kuiyang'anitsitsa.

"Tikanangokwera iyi, tikadikire sitimayo komweko."

"Kudikira n'kuwononga nsalu," anayankha amuna awo, nawatsogolera ku basi ya ku Rumphi.

Ku Rumphi anauzidwa kuti ku Nyika sikupita basi. Kumapita lole, ndipo imanyamuka ikadzaza. Inadzaza mawa lake dzuwa litapendeka. Msewu unali wadothi, ndipo mvula inali itausandutsa phala. Lole ikayenda pang'ono inkatitimira, amuna onse n'kutsika kukakankha, ndipo ikatuluka m'matope dalaivala ankaima pamudzi wina kutsitsa feteleza, pamudzi wina kumwa thobwa. Anagona panjira. Kutacha, a Thondoya anawerenga masiku ndi zala mobisa m'thumba la jekete, ndipo anaona kuti nsalu yayamba kuchepa. Sitima inali yoti inyamuke mawa lake, mbidzi asanaione ndi imodzi yomwe. Sanawauze akazi awo, koma akazi awonso anali ndi zala.

Cha kumasana, pakati pa mapiri, popanda ndi nyumba yomwe, anakumana ndi lole ina ikutsika itanyamula nyemba. Madalaivala awiriwo anaimika magalimoto kuti afunsane za msewu.

"Bambo a Sungeni," anatero a Nasibeko atagwira mkono wa jekete, "tiyeni tikwere yotsikayi. Mbidzi sizisamuka m'dziko muno. Ndapota nanu."

A Thondoya anaona kuti mayiwo akunena zoona. Anatsitsa dengu ndi chikwama, nawoloka msewu. Koma phazi lili kale patayala la lole yotsikayo, pakamwa panawayabwa.

"Kodi achimwene," anamufunsa dalaivala wa loleyo, "mbidzi zili kutali?"

"Mbidzi? Mukangolowa pachipata mwina mukumana nazo. Chipatacho chili kuseri kwa phiri ilo."

Kuseri kwa phiri ilo! A Thondoya anatsitsa phazi. Munthu angabwerere bwanji kuseri kwa phiri, n'kukawauza chiyani a Magombo? Anathamangira ku lole yokwera ija.

"Adalaivala, mukafika uko mubwerera liti?"

"Tikapeza katundu."

Anathamangiranso ku yotsika. "Achimwene, simungatidikireko pang'ono pompano, tikangosuzumira?"

"Akulu, ine ndikuthawa mvula. Mukwera kapena simukwera?"

"Taimani ndifunsenso uko."

Akufunsa uko, lole yotsika inaliza hutala n'kunyamuka. A Thondoya anaithamangira akukupiza chipewa. Dalaivala wa yokwera ataona kuti katundu watsitsidwa ndipo mwini wake akuthamangira kumunsi, anati anthuwa asankha, nayenso n'kuyatsa injini. Pamene a Thondoya ankatembenuka, anangoona utsi ukukhota pakona.

Anatsala awiriwiri pamsewu, ndi dengu ndi chikwama.

Posakhalitsa kumwamba kunada bii, mphepo yozizira n'kuyamba kuomba. Kumtunda kwa msewu kunali thanthwe lokhala ndi phanga laling'ono. Kumunsi, kutsidya kwa kakhwawa, kunali phanga lina lokulirapo. A Nasibeko anasenza dengu lawo n'kulowa m'laling'onolo chifukwa ndilo linali pafupi. Malo a munthu wachiwiri analimo, bola apinde mawondo.

A Thondoya analowa, koma maso ali kutsidya.

"Lino likuthina. Lijatu ndi lalikulu, munthu angathe kutambasula miyendo."

"Khalani pansi, bambo a Sungeni."

"Ndikangoliona."

Madontho oyamba anali atayamba kugwa. Anathamanga ndi chikwama, nalumpha kakhwawa. Phanga lalikulu linali lotakasuka ndithu, koma munkanunkha mbira, ndipo mphepo inkakankhira mvula mpaka mkati. Anaika chikwama pakona kuti chisunge malo, poti mwina mphepo ingaleke, n'kubwerera. M'phanga laling'ono anapeza muli mofunda, akazi awo akuswa mtedza.

"Ayi, lino ndiye labwino. Ndikatenge chikwama."

Anapitanso. Atafika anapeza mphepo yatembenuka, phanga lalikulu lili gwa, louma bwinobwino. Anaganiza kuti kusiya malo otere n'kupusa, choncho anasiya chikwama pomwepo n'kuthamanga kukaitana mayiwo.

"Mayi a Sungeni, tiyeni uko, kwauma!"

"Kunonso n'kouma. Ine ndafika."

"Ndiye chikwama chija?"

"Munachisiya ndinu."

Apa n'kuti mvula ikukhuthuka ngati akuchita kuthira ndi ndowa. Kakhwawa kamene poyamba ankangokalumpha kanali katafika m'mawondo. A Thondoya anawolokabe, ndipo ali pakati pa madzi buluku lothina lija linang'ambika kumbuyo, phwee! Anatenga chikwama, natuluka, koma atafika pakhwawa anaona kuti madzi akwera kufika m'chiuno. Anabwerera kuphanga lalikulu, napeza mphepo yatembenukanso, mvula ikulowa ngati poyamba. Anatulukanso. Mapeto ake anaima pamwala m'mbali mwa khwawa, chikwama chili pamutu, akuyang'ana phanga ili, akuyang'ana phanga ilo, kudikira kuti aone limene liti likome kuposa linzake. Mvula yonse inathera pamsana pawo. Manja a jekete anafupika mpaka m'zigongono, utoto wa suti n'kutsikira m'miyendo.

Mvula itakata ndipo madzi ataphwerako, anawoloka n'kukaima pamsewu, mano akugundana. Nthawi yomweyo panatulukira bambo wina wogulitsa uchi, akukankha njinga kuchokera kumunsi. A Nasibeko anatuluka m'phanga, chitenje chawo chili chouma, nam'patsa moni.

"Pepani bambo, kodi lole ina yotsika ibwera lero?"

"Mayi, ndi mvula imeneyi mlatho wakumunsi uko wamira. Ine ndachita kusenza njinga pamutu. Galimoto siidutsa mpaka madzi aphwe, mwina mkuja."

A Nasibeko anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anadziwa kuti sitima inyamuka popanda iwo, kuti ina idzabwera sabata itatha, makina atavundukulidwa kale, ndipo kuti kwawo kwa mayi awo sakafikako. Chisoni chinawagwira kwambiri. Anatembenukira kuthanthwe n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. A Thondoya anaona zimenezo, ndipo manyazi anawazizira kuposa mvula.

Wogulitsa uchi uja anayang'ana mayiwo, nayang'ana bambowo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kumene madzi akuda anali kuchucha.

"Koma mayi, mundikhululukire, ndifunse nawo. Inu mwauma chonchi. Nanga bambowa anyowa bwanji ngati nkhuku yogwera m'chitsime, pamene phanga lili apa, lina lili apo?"

Yankho limene analandira analikweza panjinga pamodzi ndi uchi wake, nalifalitsa m'misika yonse imene ankapita, mpaka lafika kwa inu lero. A Nasibeko anasenza dengu lawo, nayang'ana amuna awo kamodzi kokha, n'kunena kuti:

"Musadabwe, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa."