Mvula ya a Lufeyo pa kanema wa ukwati

Mwambi uwu unayamba motere, Neliya mng'ono wanga. Sendera kuno, usakweze mawu, eni ukwati akadali pakhomo. Mwanayo m'patse bere la botolo asatiulule.

Alamu akowa, a Lufeyo, anajambula ukwati wa mwana wa a Nachisale. Kanema anali bwinobwino mu kompyuta, kungotsala kuwapatsa. Koma iwo ayi, akuti akufuna maluwa azigwa pa akwati ngati mvula, anthu adziwe kuti kuno kuli katswiri.

Kompyuta yathuyi anaikamo zija zaulere zoiyendetsa, akuti Linakisi. Ndiye alemba kuti akufuna pulogalamu ya mvulayo. Kompyuta akuti, "Imeneyo siyenda yokha, ikufuna inzake."

"Ibwere," a Lufeyo.

Inzakeyo akuti nayo ili ndi mbale wake. Mbaleyo ali ndi apongozi. Ine ndinati, "Bambo a Yamikani, mwaitana mlendo mmodzi, bwanji wabwera ndi mudzi wonse?"

"Iwe wa sitandade sikisi, khala chete. Zaulere zimayenda chonchi."

Kenaka kompyuta akuti alendowa sagwirizana ndi amene anali kale m'nyumba, achotsedwe akalewo? Chizungu chake mizere mizere, chosatha. Munthu kuwerenga? Ayi! Angodina kuvomera, uku akuimba mluzu.

Neliya, zinayamba kuchoka. Tizithunzi todina tija, kulibe. Kambewa kolozera kaja, kufa. Kutsala mdima bii, ndi kamzere kakungophethira ngati kakutiseka. Kanema a Lufeyo akuti alimo, koma khomo lolowera palibe. Amene anapanga zimenezi sanaganize kuti kuli anthu ngati ife? Ukafunsa munthu kuti ndigwetse nyumba, umafunsa monong'ona?

Lero m'mawa a Nachisale afika ndi alongo awo, kuli achibale ochokera ku Joni akufuna kuonera asanabwerere.

"Odi! Kanema wathu, a Lufeyo!"

Katswiri uja anatulukira pawindo la kuseri. Waiwala kuti pamenepo ndi pomwe pamathera madzi akubafa. Phwaa! Mpaka m'makutu. Alongo aja anamugwira ali chogona, ndipo pano amukhazika pakhonde, akuti sachoka mpaka akwati aoneke.

Ndinamva akudandaula, "Ine ndimangofuna kamvula pang'ono, mayi."

A Nachisale anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, nati, "Nanga si iyi mwaipeza? Walira mvula, walira matope."