Ndinaluma waya kuchokera ku Balaka mpaka ku Nselema

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope. Iwe wa chipewa chofiira, ndakumva, wati galimoto ya malemu Che Jafali inachita kukokedwa ndi thirakita. Unalipo? Tsiku limenelo iwe unali ku Joni ukukolopa m'mashopu a eni ake, lero ukufuna kundiphunzitsa nkhani yanga yomwe. Khalani pansi nonse mumve kwa mwini wake, ine Bonifasi, amene ndagwira mawaya a galimoto pa Nselema pano msewu uwu usanaone phula.

Che Jafali anali mnzanga wa ubwana, iwo Msilamu ine Mkatolika, ndipo anali ndi pikapu yakale yonyamulira mpunga ndi nandolo. Injini itatopa anaitanitsa ina kunja, yobwera ndi giyabokosi ya otomatiki, ija yosintha yokha magiya pomvera kabokosi ka kompyuta. Anakaimangitsa ku Balaka, koma chitsiru chomwe chinachotsa injiniyo kunjako chinangotema mawaya ndi chikwanje, kabokosi n'kubwera ndi ndevu zokhazokha. Ntchito isanathe Che Jafali anamwalira m'mawa wina kwa mwana wawo wamkazi kwa Nsamala, ku Balaka komweko, atanena kangapo konse kuti adzagona kuno, pambali pa mayi awo, ndipo adzabwera pa galimoto yawo yomwe.

Mukudziwa kuti anzathuwa sagoneka maliro. Ndikufika pa siwa ndinapeza mwana wa mlongo wawo, Amidu, wagwira kale khasu.

"A Bonifasi, galimotoyi ikungolira giya imodzi, ngolo ikuipitirira. Dzuwa likapendeka tiwaika konkuno."

"Malume ako anakuuza chiyani?"

"Ananena, koma galimoto siimva mawu a munthu wakufa."

Magazi anga anawira, ndipo akuwirabe pano. Munthu wakulera, wakugulira njinga, wakuimira pa ukwati, iwe n'kumukwirira kwa eni chifukwa cha waya? Ndinamulanda khasu lija n'kuliponya kumwamba, ndipo mpaka lero silinagwe.

Ndinalowa pansi pa dashibodi, tesita yoyezera moto nditaiwala kunyumba, mawaya ali pwirikiti, onse akuda ndi mafuta, ena makoswe atadyako, ndiye ndinati chabwino, lilime ndili nalo, n'kuyamba kulawa mmodzimmodzi, pakuti waya wa moto amaluma ngati tsabola wa kambuzi, wa sensa yoyeza liwiro ndi wowawasa, wochokera pa chopondera moto amanjenjemera pa lilime, ndipo mawaya a masolenoidi, tizitseko totsegula mafuta m'giyabokosi, amakoma mchere, wina wochuluka wina wochepa. Mukumva? Mawaya atandithera ndinazula masipoko a njinga ya Amidu akuona, ndinasolola waya wa minga pa khola la mbuzi n'kuchotsa mingayo ndi zikhadabo, ndipo popeza chootchera panalibe, ndinaika mtovu pa zolumikiza n'kuyamba kutukwana, kutukwana wa chikwanje uja, kutukwana makoswe ndi agogo awo, mpaka mtovu unasungunuka wokha n'kugwira. Shehe wa pa maliropo anatseka makutu, koma anavomereza kuti ntchito inali yaukhondo.

Panatsala waya mmodzi, wa ethi, wofunika kukhudza chitsulo cha galimoto kuti kabokosi kadzuke. Unali waufupi, ndipo paliponse pomwe unkafika panali dzimbiri. Dzuwa n'kuti litapendeka, Amidu akuyang'anayang'ana khasu lina. Apa ndinakumbukira kuti galimoto ya otomatiki ilibe kilatchi, phazi lamanzere limangokhala ngati mlendo. Ndinavula nsapato, ndinapala pansi m'galimotomo ndi chidendene mpaka chitsulo chinawala, ndinapondapo, waya uja n'kuuluma ndi mano. Kabokosi kanati tswii, kadzuka. Ethi ndinali ineyo.

Amuna anakweza jeneza, chithatha cha maliro, kumbuyo, iwo n'kukhala mozungulira, ine n'kuponda moto. Giya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi, zonse bwinobwino osagwedeza n'komwe, kenako giyabokosi yomwe azungu anaipanga ndi magiya anayi inayamba kubereka ena m'njira, ikusintha, ikusinthabe, ine moto ukudutsa m'mano n'kutulukira ku chidendene, tsitsi litaima, m'makutu mukutuluka utsi, tinapitirira sitima yomwe inanyamuka dzulo lake, ndinaimba hutala pa Balaka koma mawu ake anatipeza titaoloka kale mlatho wa pa Liwonde, madzi a mu Shire anabwerera kumtunda ndi mvuu zomwe, apolisi a pa rodibuloko anangoona zipewa zawo zikupita, ndipo mthunzi wa galimoto unatopa n'kutsalira pa chitunda, unachita kubwera m'mawa mwake pa minibasi. Mukumva? Usaseke iwe, ndikuswa mutu ndi sipanala iyi.

Titayandikira pa Ntaja tinagunda bampu, moto wochokera m'thupi mwanga unayenda m'chitsulo chonse mpaka unakafika pa jeneza. Ndinamva kugogoda pa galasi lakumbuyo. Kuyang'ana pa kalilole, Che Jafali akhala tsonga, sanda, nsalu yokulungira maliro, ili m'mapewa.

"Achimwene," anatero, "chepetsani moto, matayalawa ndi akale."

Ndinafuna kukuwa, koma ndikanangotsegula pakamwa waya ukanagwa, kabokosi n'kufa, galimoto n'kubwerera ku giya yake imodzi ija, dzuwa litatsala pang'ono kukhudza phiri, ndipo Amidu ndimamudziwa, akanakumba pambali pa msewu pomwepo.

"Ikusintha bwino," anatero Che Jafali. "Ndinadziwa kuti mubwera. Bwanji simukundiyankha? Mwakwiya nane?"

Ine ndi pakamwa panga pano, amene sindinasiyepo munthu osamuyankha chibadwire, ndinangoluma waya. Misozi inkagwera pa wayapo n'kumathetheka. Anandiitananso dzina langa, kenakonso, ine phazi pa moto, mano gwa, ndikutukwana chamumtima waya, bampu ndi imfa yomwe.

Tinafika pa manda dzuwa lidakali pamwamba pa mitengo. Ndinaponda buleki, ndinalavula waya, ndinathamangira kumbuyo ndikukuwa kuti, "Sindinakwiye, Che Jafali." Ndinapeza agona mmene anawagonekera, sanda yomangidwa bwinobwino, moto utazima. Anawaika pambali pa mayi awo anthu asanapite ku mzikiti ku swala ya madzulo.

Amuna omwe anali kumbuyo aja amati sanaone kanthu. Akanaona bwanji, onse anatsinzina kuyambira pa Balaka, akupemphera ndi mantha? Amidu amati ndinangopenga ndi chisoni, ndipo n'chifukwa chake sindimupatsa moni. Onani dzino ili, lakuda ngati khala, muganiza linapsa ndi tiyi? Mboni ndili nayo imodzi, ndipo siinanamepo moyo wake wonse. Yagona apo kuseri kwa mzikiti, pambali pa mayi ake, pansi pa mtengo wa mango. Pitani mukaifunse, ndipo ikakuyankhani muiuze zomwe ine ndinalephera kunena, kuti ndinali ndi waya m'kamwa.