App yanga ya zinanazi

Lolemba
Yatha! Miyezi inayi ndili ndekha m'kachipinda kano ku Chitakale. Ntchito ya app yangayi ndi imodzi: kuuza amayi a kalabu ya zinanazi tsiku lobwera lole ya wogula, asamadule msanga n'kuwoletsa zipatso pamsewu. Loweruka ndikaionetsa ku Thuchila. Wapampando wa kalabu ndi mayi anga, ndiye zikakanika manyazi ndi awo.

Mnzanga wa ku koleji akulemba kuchokera ku Blantyre: "Aise, bwanji osangopanga tsamba la pa intaneti? Limatseguka pa foni iliyonse, osapempha munthu." Tsamba? Ine? Sindikumuyankha.

Lachiwiri
Eni sitolo ya ma app aikana. Akuti ndifotokoze mmene ndisungire zinsinsi za anthu. Chinsinsi cha chinanazi! Ndikuseka ndekha, palibe womuuza.

Lachitatu
Aivomera! Oitsitsa mpaka pano: mmodzi. Ndine.

Lachinayi
Ndikuyesa pa mafoni a mamembala:
– ya mayi: yamabatani. Masamba a pa intaneti imatsegula ndithu, koma app ayi.
– ya azakhali: yadzaza nyimbo. "Ndifufute kwaya yathu chifukwa cha chinanazi? Iwe uli bwino?"
– ya msungichuma: ili kokolola tiyi ndi amuna awo.
– zina zonse: zogula kumalire, ku Milange.

Apa ndiye pavuta. Wogulitsa anawatsegulira akaunti konko, choncho sitolo ikuyesa kuti amayiwa ali ku Mozambique. Ine polembetsa ndinachonga Malawi yekha. Foni ikutikana m'Chipwitikizi, ndipo pasiwedi akuidziwa ndi wogulitsayo.

Lachisanu
Ndawonjezera Mozambique. Akuti ndidikire aunikenso. Ndikudikira. Ndikuimbira mnzanga uja kawiri, sakuyankha. Mulanje yonseyi palibe munthu woti ndimudandaulire n'kumva chimene ndikunena, ndipo zikundiwawa.

Loweruka
Amayi adzaza mabenchi, ena avala zitenje zatsopano. Mayi akuimirira: "Uyu ndi mwana wanga wa makompyuta uja." M'manja! Kenako foni yanga yokhayo ikuyenda dzanja ndi dzanja. Wina akuipukuta, wina akufunsa ngati ili ndi tochi. Mayi akuyang'ana pansi.

Azakhali akudzuka: "Ndiye kuti chinthuchi chikugwira mwa iwe wekha? Basi, lole ikamabwera uzitiuza ndiwe. Njinga uli nayo."

Onse avomera. Alemba m'buku.

Lamulungu
Sitolo ikadaunika. Lole ikubwera Lachiwiri, midzi yoti ndizungulire mawa ndi isanu ndi umodzi, iwiri ili kumtunda. Ndikupopa tayala lakumbuyo, likutsika, ndikupopanso.

Uthenga wa mayi walowa: "Usadandaule mwanawe. Aliyense wanena kuti umalankhula mwaulemu. Uyambire kwa azakhali ako."