Diso Langa ndi Malapitopu Awiri

Mpaka lero ndikamadutsa pa loja ina, sitolo ya pafupi ndi malire a Milange, ndimapalasa njinga ngati agalu akundithamangitsa.

Gwero lake ndi lapitopu. Ndinkafuna ya magemu, makamaka a mpira, koma bambo wa ana atatu, woimba besi mu kwaya ya mpingo, sanganene zimenezo pakhomo. Ndiye ndinauza mkazi wanga, mayi a Zito, kuti ndi ya bizinesi yathu ya nandolo. Anavomera msanga, n'kuwonjezera kuti, “Tipitire limodzi.” (Apa m'pamene munthu wanzeru akanadwala malungo.)

Wogulitsa mu lojamo, mtsikana wina dzina lake Celina, anatiyalira malapitopu awiri. Yakuda inali ndi RAM yambiri yoithandiza kuthamanga, batire lokhalitsa, mtengo wofatsa. Yofiira inali yodula, koma khadi lake la zithunzi linali chilombo, kiyibodi ikuthwanima ngati utawaleza. Mtima wanga unagwera pa yofiirayo.

“Nanga yoyenera nandolo ndi iti?” anafunsa mayi a Zito.

“Nandolo?” anadabwa Celina. “Malapitopu awatu ndi a...”

Ndinamutsinzinira diso kuti asamalize. Anandiyang'ana, osamva. Ndinatsinzinanso, mwamphamvu, mpaka tsaya linakwera. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo n'kukonza bulauzi yake.

Nditacheuka ndinapeza mayi a Zito akundiyang'ana, manja m'chiuno.

“Bambo a Zito, diso lanulo latani?”

“Fumbi, mayi.”

“Fumbi lake losankha atsikana? Ine ndili pompano? Kani n'chifukwa chake mumafuna kubwera nokha!”

Anthu anasiya kugula. Onyamula katundu amene anakhala pakhonde anasuzumira pakhomo. Pakona, akudikira foni yawo, panali a Makwinja, mkulu wa mpingo wathu. Apa ndinaona kuti ndiyenera kusankha, osati pakati pa yakuda ndi yofiira, koma pakati pa kutchedwa wachimasomaso ndi kutchedwa mwana.

“Ndi ya magemu!” ndinakuwa ndi besi yanga yonse. “Ndimafuna kusewera mpira! Ndimamuletsa kuti asaulule!”

Kenako wina pakhonde anafuula kuti, “Goolo!” ndipo loja yonse inagwa ndi phwete. A Makwinja anavula magalasi n'kumapukuta misozi.

Mayi a Zito sanaseke. Anafunsa Celina modekha kuti yolimba ndi iti, yosatha moto msanga magetsi akathima ndi iti. Anasankha yakuda, naikulunga mu kapulana, chitenje chawo, ngati khanda. Ine ndinkatsatira pambuyo ndikukankha njinga, maso pansi.

Masiku ano ndimasewera Loweruka lokha, ndikamaliza kupeta nandolo, ndipo kumpingo abambo anzanga amandipatsa moni ndi diso limodzi. Ndinaphunzira kuti bodza la m'banja siliyenda ulendo wautali. Komabe tinene zoona, pa yofiira ija udzu wa pabwalo ukanaoneka bwino kwambiri.