Dzina Lobwera ndi Matalala

Lolemba
Tsiku limene mwana anabadwa, matalala anaboola fodya wanga yense. Ndiye azakhali anga amupatsa dzina loti Chiwonongeko. Mwana wamkazi! Mkazi wanga Esinati ali naye kwawo ku Ntchisi, ine kuno ku Dzoole ndi masamba obooka. Kukana dzina la azakhali sindingathe. Nzeru yanga ndi iyi: kupeza mawu omwewa m'chilankhulo china, omveka bwino. Azakhali asakwiye, mwana asadzasekedwe kusukulu. Ubatizo uli Lamulungu.

Lachiwiri
Wogulitsa usipa pamsika ndi Mtumbuka. Akuti, "Kwathu timati pharanyiko." Ndikuyesa kuseri kwa chigafa: "Pharanyiko, katunge madzi!" Mbuzi yadula chingwe. Ayi.
Chitenje cha Esinati chikadali pamsomali. Sindikuchichotsa.

Lachitatu
Dalaivala wa thiraki wa ku Tanzania akuti kwawo ndi uharibifu, mawu ochokera kwa Aluya. Lilime langa likukana. Nanga apongozi alibe mano, adzatha?
Zimene ndawononga ndekha lero: poto, nyemba zinali momwemo, chala.

Lachinayi
Ndapeza! Akatekisiti akuti m'Chihebri ndi Abadoni, kuchokera ku mawu oti kutayika. Abadoni! Likumveka ngati la munthu wa muofesi. Ndikukwera pachulu kufuna netiweki, ndiimbire Esinati. Esinati akuti, "Bambo ake, koma mukudya?" Kumbuyo kwake kamwana kakulira, kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. Ndangomvetsera. Netiweki yathawa dzina ndisanalitchule.

Lachisanu
Akatekisiti afika panjinga ali thukuta kamukamu. "Achimwene, ndinaiwala. Dzina lija ndi la mngelo wa kuphompho. Abambo mfumu sangabatize." Nanga la Chigiriki? "Apoliyoni. Ndi yemweyo, wangosintha malaya."
Zilankhulo zonsezi, palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinakometsa mawuwa!

Loweruka
Ndapita kwa azakhali ndi tambala, kukapempha mwaulemu kuti dzina lisinthe. Tambala alandira. Akuti, "Iwe mwana, imfa ikamayenda m'mudzi imafunsa mayina. Ikamva Chiwonongeko imati pano anzanga anadutsapo kale, n'kupitirira. Ukufuna uibisire m'Chihebri kuti isamve?"
Tambala wapita, dzina latsala.

Lamulungu
Kabaza mpaka ku Ntchisi, mapiri ali mbuu ndi nkhungu. Esinati waonda pang'ono, akuseka ndevu zanga. Akundipatsa mwana. Sakulemera n'komwe, phazi lonse ngati chala changa chachikulu.
Kutchalitchi ampatsa la ubatizo, Mariya. Palibe amene akulitchula. Apongozi, alamu, ngakhale Esinati, onse ndi Chiwo, Chiwo.
Ndikumunong'oneza lonse lathunthu, mokweza pang'ono, kuti ngati imfa ili pafupi imve bwinobwino. Wayasamula, wagwira kolala yanga.
Basi, likhale. Mawa ndibwerera ndekha kukazula fodya uja. Esinati akuti abwera mwana akakhwima khosi.