Tuba ndi Sitima Yosabwera

Lolemba
Aphunzitsi aakulu alamula: tuba ikapanda kupeza mwana woiimba pofika Lamulungu, ibwerera ku mishoni. Ati chilipenga chimenechi chikudya malo m'kalasi, pomwe ana othawa nkhondo ku Mozambiki akuthithikana pansi. Ine ndinaiimba ku usilikali mano asanaguluke, sindingaitaye. Ndaikwecha ndi phulusa ndi ndimu. Ikuwala!

Lachiwiri
Ana adzaza! Nyambo zanga: masiwiti, nkhani za pa perete, mabodza pang'ono. Woyamba kuuzira, malovu okhaokha. Wachiwiri wagwa nayo chagada. M'kati mwatuluka buluzi.

Lachitatu
Ndiwaonetse ndekha. Buuu! Kamodzi kokha. Makanjira yense ulendo wa kunyanja: mitolo ya usipa, nkhuku, njinga, wodwala pamachira. Ati sitima yafika. Sitima kulibe. A Jafali, asodzi, usipa wawo wanyowa: "Aphunzitsi, mukalizanso mutibereka mpaka ku Mangochi."

Lachinayi
Masiwiti atha, ana athanso. Mayi wina akuti ndamutupitsira mwana masaya ngati matsagwidi. Watsala mmodzi: Rosa, wa ku Mozambiki, wowonda, wosayankhula m'kalasi. Tuba ikufuna kumuposa msinkhu. Ndataya mtima.

Lachisanu
Ambiri ali kumzikiti. Rosa akuuzira. Fuuu. Fuuu. Kenaka buu weniweni! Misozi yalengeza, ndanamizira fumbi. Vuto n'lakuti nyimbo safuna, do-re-mi safuna. Akungoilozetsa kumapiri a kumalire, phokoso basi.

Loweruka
Ndamufunsa chifukwa. Akuti, "Pothawa tinasiyana ndi atate kuseri kwa mapiri awo. Amayi anawauza kuti tikawadikira poima sitima. Akamva, adziwa kuti ndi kuno."
Ine ndimalota bandi. Mtima ukundiwawa.

Lamulungu
Bandi palibe. Aphunzitsi aakulu amvetsera buu wa Rosa: "Nyimbo imeneyi?" Ndati ndi ya chisilikali. Apukusa mutu. Ati tuba itsale, koma ndiziisunga kwanga. Akazi anga akuti izigona pamkeka wanga, ine ndione pogona. Chabwino.
Masana ndaisenza paphewa, kukamwa kwake kwaloza kumapiri, Rosa akuuzira. Kunyanja palibe akuthamanga, nkhani ya Rosa yamveka. A Jafali asiya ukonde, abwera kudzagwira mbali ina. Kumapiri sikukutsika munthu.
Rosa akuti, "Kwezani pang'ono."
Takweza.