Mlandu wa Filiji ya Azakhali

Lolemba

Mulungu ndi wabwino! Lero ku fakitale a Namakhwa, abwana athu a zamagetsi, anditsegulira panelo ya makina oumitsira tiyi kuti ndione ma CT, zida zoyezera magetsi, ndi maso angawa, osati pa bolodi la ku koleji. Kanthu kake ngati donasi wachitsulo. Waya wonenepa amangodutsa pakati, kalenti yake, magetsi oyenda m'menemo, imadzutsa maginito m'chitsulomo, kenako tiwaya tokulungidwa pamenepo timatulutsa kalenti yochepa yopita ku mita. Ma ampu 200 uku, asanu uko. Osadula waya, osaugwira!

Andibwerekanso kilampu, CT ya m'manja yoyasamula ngati nkhanu. Mpaka Lolemba likudzali.

Pulani: kupulumutsa filiji ya azakhali. Nyumba zitatu pa laini pathu tili pa mita imodzi, madzulo alionse magetsi amatiripa, kungozima okha, ndiye a neba agamula kuti wolakwa ndi filijiyo, izimitsidwe. Mafilizesi a m'menemo azakhali amagulitsa kwa othyola tiyi. Ndi amene akundidyetsa ine pano. Sayansi iyankhule!

Lachiwiri

Magetsi kulibe tsiku lonse. Ndayeza:
- waya woyanikira zovala
- chala changa
- mchira wa mphaka (sanapemphe)

Zonse ziro. Kilampu ndi yolondola.

Lachitatu

Magetsi abwera! Filiji ikulira, ine ndaluma chingwe chake ndi kilampu pamaso pa a Nangondo, a neba amene anayambitsa mlanduwu. ZIRO! Ndayezanso. Ziro!

Azakhali nthungululu. "Mwaona anthuni? Siidya magetsi iyi. Ndi yakale, inaleredwa bwino."

A Nangondo angoti, "Nanga ikulira ndi chani, mapemphero?" Nsanje basi.

Andipatsa mafilizesi awiri aulere, a malambe. Aitanitsanso filiji ina kwa achemwali awo ku Masambanjati, poti mafiliji sadya. Yafika pa njinga yamoto, yomangidwa ndi malegeni. Zikomo koleji!

Lachinayi

Ndawafotokozera a Namakhwa. Aseka mpaka kukhala pa diramu.

"Mwanawe, m'chingwemo muli waya wopita ndi wobwerera. Ukaluma onse awiri, maginito awo amafafanizana. Ngakhale fakitale yonseyi ingakupatse ziro. Waya umodzi basi!"

Tinaphunzira chaka choyamba. Ndinakhoza mayeso ake!

Ndikuthokoza kuti sanauze aliyense, kupatula a ku boila, a pa geti ndi amayi a ku kantini. Madzulo magetsi atiripa katatu. Azakhali akuti ndi ayironi ya a Nangondo. Ine ndikungodya ndiwo zawo.

Lachisanu

Laini yonse ikusita za Sabata. Ndimafuna ndibisale, koma azakhali: "Injiniya, tulukani! Muyeze onse, aliyense adziwe tchimo lake."

Kunama ndikanatha. Kungoluma chingwe chonse ngati dzana, nkhani yatha. Koma manja akana. Ndazimitsa filiji, ndasenda chikopa cha chingwe, ndaluma waya umodzi, ndayatsa.

Nambala ikukwera. Ikukwerabe. Yadutsa ya ayironi ya a Nangondo imene ndinayamba kuyeza! Kompuresa, injini ya filijiyo, inatopa kalekale, imangokoka magetsi ngati ng'ombe pa dambo.

Phi! Tonse mumdima.

"Tayezaninso, mwina yadzidzimuka ndi anthu," atero azakhali. Palibe choyeza, aunti.

Loweruka

Sabata. Filiji nayo yapuma. Ya ku Masambanjati ibwerera mawa, a Nangondo akuti mlendo asalowe m'malo mwa wamilandu.

Ku tchalitchi azakhali sanandiyankhule, koma atsegula buku la nyimbo pakati pathu. Ndalira pang'ono pa vesi yachiwiri.

Mafilizesi onse asungunuka. Kugulitsa lero sikutheka, ndiye laini yonse yamwa ulere. A Nangondo amwa anayi, abweretsa nthochi ndi mapeyala. Madzulo magetsi sanatiripe. Zikomo anthu inu.

Lamulungu

Azakhali ayankhula. "Sukulu yakuphunzitsa zoona, chabwino. Koma zoonazo sizikanadikira nyengo yozizira?"

Sanandithamangitse! Mawa ayamba zitumbuwa, wokazinga m'mamawa ndine mpaka kompuresa ina ipezeke. A Namakhwa akuti adzafunsa ku Limbe, akamaliza kuseka.

Filiji taipukuta, taisiya pakona. Pamwamba mphaka, m'kati mabuku anga a ku koleji, poti chiswe sichilowamo.

Ndisanabweze kilampu ndaiyeza komaliza, waya umodzi, monga mwa malamulo.

Ziro. Ulendo uno ndi yoona.